Zipinda Zanga Ziwiri ndi Maliro a Bashi Mulenga

Lolemba

Utoto wauma! Zipinda ziwiri za kuseri zatha. Ndalowa, ndatuluka, ndalowanso. Ndakhoma chitseko n'kutsekula katatu kuti ndingomva kulira kwa loko. Zaka zinayi za chilimba, kusonkherana mwezi ndi mwezi ndi amayi anzanga, ndi izi zaima apa, malata ake akuthobwa m'maso.

Cholinga cha sabata ino ndilembe pano kuti ndisadzakane: pofika Lamulungu, m'zipindamo mukhale munthu wolipira lendi. Zikatero ndasiya kuimbira Fabiano foni ya kumapeto kwa mwezi. Mwana wanga ndi yekhayo, ali ku migodi ya ku Solwezi, ndipo sanandikanizepo. Koma foni imeneyi imandiwawa. Ndimayamba ndi kufunsa za ana, kenako za nyengo, iye n'kumangodikira, kumbuyo ndikumva mpongozi wanga akutsitsa wailesi kuti amve bwino. Mayi wamkulu ngati ine kumapempha mwezi ndi mwezi! Zithe basi.

Nthawi ndaisankha bwino. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwerenga timapepala ta nyumba tomata pa mitengo ya m'tauni ndi pa zipupa za mashopu. Msika wa nyumba wa Kabwe ndaudziwa kuposa ma ejenti. Umayenda chonchi:

- Januwale: palibe wosamuka. Matumba anabooka pa Khirisimasi.
- Febuluwale ndi Malichi: miyezi ya choonadi. Denga lililonse likuulula machimo ake, lendi imatsika yokha. Msuweni wanga wa ku Makandanyama amasamuka nthawi imeneyi, akuti nyumba amaiona mvula ikugwa.
- Epulo: aphunzitsi obwera kudzawonjezera maphunziro pa holide. Anayi m'chipinda chimodzi, masabata awiri, n'kupita.
- Meyi mpaka Julaye: maukwati. Amafuna matailosi ndi mpanda, ndalama zonse atathera pa keke.
- Kumapeto kwa Ogasiti: ana a makoleji! Makolo agulitsa chimanga ndi soya. Chipinda chilichonse chokhala ndi chitseko chimapeza munthu, ngakhale chimene dzulo munkagona nkhuku.
- Okutobala: alandilodi amapaka laimu kubisa mzere wa madzi a chaka chatha.
- Novembala ndi Disembala: ongofunsa mtengo.

Lero ndi Lolemba lomaliza la Ogasiti. Makoleji akutsegula Lolemba likubwerali. Wophonya sabata ino adikire chaka chamawa.

Masana. Wabwera Chanda, ejenti wa nyumba, zikhadabo zazitali, mafoni awiri, wigi yofika m'chiuno. Wajambula zithunzi paliponse, mpaka ku chimbudzi. "Ba mami, this is the season. Ma student bali desperate. Nizakubweletselani four by Wednesday, osachita panic." Ndani akuchita mantha? Ine?

Madzulo. Bana Mulenga, oyandikana nawo, asuzumira pa mpanda. "Iwe mbuya, nyumba yabwino so, wamangila mbeba zako?" Ndawayankha kuti ndamangira anyani a kwawo, ndikudikira atsike m'mitengo. Iwo ndi Mubemba, ine makolo anga anachokera ku Katete, choncho ndife achimbuya: kutukwanana ndiye moni wathu, ndipo wokwiya ndiye wolakwa. Zaka makumi atatu muno mu Railways, sitinapatsanepo mawu abwino ngakhale amodzi.

Amuna awo, Bashi Mulenga, ali pa mpando wawo pansi pa mpeyala, bulangeti m'miyendo. Ankayendetsa sitima, tsopano akuyendetsa maso okha. Aloza ndi ndodo kuti zenera limodzi ndi lopendekeka. Silopendekeka ayi.

Ndapita kukaliona. Ndi lopendekeka pang'ono.

Zogula mawa: tsache, mababu awiri, kabuku ka malisiti. Kabuku kakhale kachikuto cholimba.

Lachiwiri

M'bandakucha, kulira kuseri kwa mpanda. Bashi Mulenga atisiya. Angogona osadzukanso.

Ndakhala pa bedi nthawi yaitali, nsapato imodzi ili m'manja. Dzulo lomweli amandinena za zenera. Malemu bambo ake Fabiano ankakonza ma injini ku wekishopu, Bashi Mulenga n'kumawayendetsa, ndipo ankakangana tsiku lililonse kuti wowononga ndani. Tsopano akapitirize komweko. Ndalira, sindibisa.

Kenako ntchito. Maliro a Mubemba, ogwira ntchito ndife a kum'mawa. Zimene kumudzi amachita adzukulu, kuno ndi za achimbuya. Amake Tisa a ku Chililalila afika kale ndi miphika ya mphakati, Aphiri apita kukafuna tenti ndi nkhuni. Zanga ndi izi:

- kutunga madzi
- kuuza a kwaya
- kusunga thumba la ufa wopaka anamfedwa
- kuonetsetsa kuti Bana Mulenga amwe kanthu, ngakhale kapu imodzi ya tiyi

Tsache ndi mababu zidikire.

Cha m'ma teni. M'nyumba ya maliro mufunika mutuluke katundu kuti amayi akhale pansi. Masofa, tebulo, kabati ya magalasi, firiji. Amuna anyamula, afika nazo pabwalo, aima. Fumbi la Ogasiti likuwomba, dzuwa likuswa mtengo. Aphiri ayang'ana uku, ayang'ana uko, kenako maso awo agwera pa malata anga atsopano.

"Si apa pali malo? Masiku atatu chabe."

Kiyi ndapereka ndekha. Ndikanati chiyani, maliro ali pakhomo? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Phazi la kabati lakanda simenti yanga kuyambira pakhomo mpaka pakona. Ndaona. Ndangopita kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Masana. Uthenga wa Chanda: "Sorry for the loss ba mami. But viewing ni mailo, ten hours, no change." Palibe vuto. Chipinda chimodzi chokha ndicho chadzaza. Chinacho chili mbee, chikununkhira utoto. Ndiwaonetsa chimenecho, ndiwauza kuti chinzake ndi chimodzimodzi.

Madzulo. Yafika minibasi kuchokera ku Mpika. Atsika azakhali atatu a malemu, mabasiketi, thumba la chinangwa, nkhuku ziwiri zomanga miyendo. Wamkulu mwa iwo miyendo yatupa, sangagone pa simenti ya m'nyumba ya maliro pamodzi ndi gulu. Aphiri ayang'ananso malata anga. Munthu ameneyu maso ake ndiwaopa tsopano.

Nkhuku nazonso zalowa. Akuti panja pali agalu.

Lachitatu

Ndadzuka molawirira kuti ndikakolope chipinda cha azakhali ana a koleji asanafike. Ndapeza chingwe chamangidwa kuchokera pa zenera mpaka pa chitseko, zitenje zayanikidwa, mbaula ili pakati ikufuka. Pakhoma langa loyera pali msomali. Msomali! Apachikapo kolona.

Ndawapempha mwaulemu kuti atuluke pang'ono cha m'ma teni. Wamkuluyo wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Uyu e mwine wa ng'anda? Alya mbeba uyu?" M'Chibemba chawocho akufunsa ngati mwini nyumba ndi ine, wodya mbewa. Anzake aseka mpaka kutsokomola. Mbuya sakwiya. Ndaseka nawo, mano okha.

Teni yakwana, Chanda kulibe. Leveni, kulibe. Ndabwerera ku ntchito yanga ya ufa. Lamulo lake ndi losavuta: Mubemba aliyense wolowa pa geti timamupaka ufa kumaso mpaka ataponya kandalama m'mbale, ndalamazo n'kugulira ndiwo za pa maliro. Ine ndi Amake Tisa tagwira ntchito imeneyi mwakhama. Tapaka akatekisiti. Tapaka mkulu wina wa ku njanji wovala suti. Dzanja likazolowera silifunsa.

Cha m'ma thwelofu waima takisi. Watsika mayi wovala bwino, chikwama chonyezimira, akulankhula Chibemba pa foni. Pambuyo pake atsikana awiri. Amake Tisa andigwedeza ndi chigongono, ine ndatapa ufa wodzaza manja awiri, ndathamanga, phaa! Kumaso konse, mpaka m'ndolo.

Kenako watsika Chanda.

Amene ndamuthira ufa uja anali mayi wa mmodzi wa ana anga a lendi. Achokera ku Kitwe m'mawa uno, ndalama ya miyezi itatu ili m'chikwama chomwecho.

Amake Tisa, pomva dzina la Chibemba loti Chanda, amuthira nayenso. Wigi yonse mbuu. "Ba mami, iyi ni human hair!" Sindikudziwa kuti tsitsi la munthu limaopa ufa chifukwa chiyani, langa lakhala nawo kuyambira dzulo.

Mayi wa ku Kitwe ndi munthu wabwino, mwambo akuudziwa. Waseka, waponya ndalama m'mbale, wakapepesa anamfedwa. Kenako tapita kukaona zipinda.

Chipinda choyamba: masofa, kabati, firiji, tebulo miyendo m'mwamba. Mtsikana mmodzi wakondwa. "Ah, ni furnished! Na fridge!" Ndafotokoza.

Chipinda chachiwiri: azakhali atatu, utsi, nkhuku imodzi pa zenera. Inayo sindikuiona, koma m'kapoto pa mbaula mukuwira kanthu. Mtsikana winayo wafunsa motsitsa mawu, "Aba nabo ni ma roommate?" Ndafotokozanso.

Mayiyo akuti aganiza. Akupukuta ufa m'khutu uku akunena kuti aganiza. Ndawaperekeza mpaka pa takisi, ndikulonjeza kuti Loweruka zipinda zidzakhala zoyera ngati lero. Ngati Lolemba, ndimafuna kunena.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wanga anafika pamphuno penipeni, ine n'kumuthira ufa.

Lachinayi

Uthenga wa Chanda m'mamawa, ndipo ndi wabwino! "Rooms zasila mu town ba mami. Railways yonse full, Chililalila full. Price yakwela. Mukachosa vintu by Saturday, tizaikako pamwamba."

Mwamva? Kuchedwa kwandithandiza. Ndinanena ine kuti msika umenewu ndimaudziwa. Amene anathamangira kulowetsa ana sabata yatha adziluma chala. Ine zipinda zanga zikukwera mtengo zili ndi azakhali m'kati.

Zimene ndidzachite ndi lendi yoyamba:

- kukonza mzere wa kabati pa simenti
- kuzula msomali, kumata bowo
- nsapato za ku tchalitchi
- kuimbira Fabiano pakati pa mwezi, popanda chifukwa, kuti adabwe

Masana tili kuseri kwa nyumba ya maliro, tikudula kabichi. Amayi khumi ndi angapo, mipeni ikulira. Wina wadandaula kuti mwana wake akusowa nyumba, ndipo pakamwa panga patseguka. Ndayamba ndi Januwale. Ndafotokoza za madenga a Febuluwale, za aphunzitsi a Epulo, za keke. Pofika pa Ogasiti ndinali nditaimirira, mpeni uli m'manja ngati choko.

Ndawauza kuti nyumba zakale za njanji ngati zathuzi ndi golide. Zipinda zitatu zazikulu, khonde, madzi a pampopi, koleji ndi ulendo wapansi. Ukaika mabedi osanjikiza, ana asanu ndi atatu akwana osapondana. Ndawauza kuti anthu a mu Railways tikugona pa chuma osadziwa. Amayi onse kukamwa yasa. Amake Tisa akuti ndikanakhala mwamuna bwenzi ndili khansala.

Amene amamvetsera kwambiri ndi Mulenga, mwana woyamba wa malemu, wogwira ntchito ku Lusaka. Mtsikana wanzeru, mafunso ake ogwira mtima. "So aunty, per bed space ba student balipila bwanji? Na agent wanu ni uja wa wig?" Ndamupatsa nambala ya Chanda. Ndi bwino achinyamata aziphunzira kwa akuluakulu.

Madzulo ndalowa m'nyumba kukaona Bana Mulenga. Ali pa matiresi pakona, duku lakuda, achepa thupi masiku awiri okhawa. Tiyi wa m'mawa ali pomwepo, wazizira. Ndawauza kuti akapanda kudya ndikawaphikira mbewa, ndipo ndiwadyetsa ndi supuni pamaso pa azakhali. Andiyang'ana nthawi yaitali. "Chokapo, kapolo iwe." Koma adya theka la mbale.

Mtima wanga unakhala pansi nditamva chitukwano chimenecho.

Mawa kumanda. Loweruka katundu atuluke. Lamulungu ana alowe. Zonse zili m'malo mwake.

Lachisanu

Misa ya maliro. Tchalitchi chadzaza, anthu ena panja. Akuluakulu a njanji opuma ntchito akhala mzere umodzi, majekete awo akale akuwalendewera m'mapewa. Atsala ochepa. Ndawawerenga ndi maso, kenako ndasiya.

Kumanda fumbi lokhalokha. A kum'mawa tachita zathu. Aphiri akhala pa mulu wa dothi, akuti bokosi silitsika mpaka Abemba alipire tikiti, chifukwa malemu sanalolepo munthu kukwera sitima ulere. Ine ndavala chipewa chakale cha malemu, ndayenda mozungulira manda ndikuliza mluzu ngati sitima ikunyamuka, amayi asanu agwirana m'chiuno pambuyo panga. Ena akuseka, ena akulira, ambiri zonse ziwiri. Bana Mulenga abisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Mulenga wandinong'oneza kuti akuseka. Ntchito yanga ndagwira.

Pobwerera ndakhala kumbuyo kwa lole, fumbi m'mano, ndipo ndagwidwa ndi chisoni chimene sindinachiyembekezere. Mpando uja pansi pa mpeyala ukhala wa ndani?

Masana anthu adya, asamba m'manja, ayamba kubalalika. Tenti yatsitsidwa. Ndazungulira kuseri kukaona zipinda zanga. Azakhali awiri akumanga mabasiketi. Alemekezeke Mulungu! Wamkulu wa miyendo yotupa sakumanga kanthu. Akusenda chinangwa pakhomo, makoko akuponya m'maluwa anga.

Ndaona Chanda ku nyumba ya maliro. Wigi ina, yaifupi. Akuyenda ndi Mulenga chipinda ndi chipinda, foni m'mwamba. Ndakhudzidwa. Ana a masiku ano timawanena, koma taonani, wabwera kudzapepesa ngakhale tinamuwonongera tsitsi. Ndamukodola kuti tikambirane za mawa, wangondibayibitsa. "Nizabwela ba mami, nili busy pang'ono."

Mwina akujambula zithunzi za chikumbutso.

Tsache ndagula. Mababu ndagula. Kabuku ka malisiti ndagula, kachikuto cholimba, kabuluu. Ndalemba dzina langa patsamba loyamba ndi zilembo zazikulu.

Loweruka

M'mawa msonkhano wa banja kwa Bana Mulenga, wogawa zovala za malemu ndi kukamba za m'tsogolo. Ife achimbuya sitilowa, tikutsuka miphika ya mphakati kuti ibwerere. Abambo mfumu abwera, apemphera, awaza nyumba ndi mayi wamasiye madzi odalitsa, apita. Msonkhano ukupitirirabe.

Cha m'ma leveni kafika kalole. Amuna alowa m'chipinda changa choyamba, atulutsa masofa awiri ndi firiji. Ndatsala pang'ono kululutira. Koma sakupita nazo kwa Bana Mulenga ayi, akukweza pa kalole. Akuti zikupita ku Lusaka. Kabati yatsala. Tebulo latsala.

Thwelofu. Kafika kalole kena, kochokera kwa owotcherera zitsulo. Mabedi osanjikiza anayi, utoto wake usanaume bwino. Akutsitsira kwa Bana Mulenga. Chanda ali pa geti akuloza ndi chikhadabo.

Anayi. Osanjikiza. Ana asanu ndi atatu, osapondana.

Ndakhala pansi pa ndowa yovundikira. Amake Tisa afunsa ngati ndadwala.

Kenako amuna omwe aja atulukira pa mpanda atanyamula bedi lalikulu la Bana Mulenga, wadiropu, makina osokera, chithunzi cha Mtima Woyera. Akubwera nazo kwanga. Palibe wandifunsa. Aphiri ali patsogolo, kiyi wanga ali m'manja, chifukwa chiperekereni Lachiwiri sindinamulandenso.

Pambuyo pawo Bana Mulenga, akuyenda pang'onopang'ono, Mulenga atawagwira mkono. Amayi a mphakati asiya miphika, akuonerera. Ndaimirira, ndakonza mawu. Ndinali nawo mawu, abwino ndithu, onena za chilimba, za zaka zinayi, za sabata imene sibweranso mpaka chaka chamawa.

Mulenga wayamba ndiye. "Aunty, ni idea yanu ija. Nyumba izazilipilila yeka, na mankwala ya mami. Tinafuna tibatenge ku Lusaka but bakana."

Bana Mulenga sanandiyang'ane. Ayang'ana zenera lopendekeka lija. "Ku Lusaka nikachite chani? Tchalitchi yanga ili kuno, manda yali kuno. Koma mu nyumba muja neka, awe. Nikayangana pa mpando, nimuona. Siningagonemo, mbuya."

Ndakumbukira zakale.

Chaka chimene anamwalira bambo ake Fabiano, anthu atabalalika, Fabiano atabwerera ku sukulu, ine ndinkaopa ngakhale kuzimitsa nyale. Mayi ameneyu anabwera ndi mphasa yake, osaitanidwa, n'kugona pansi m'chipinda changa miyezi itatu. Usiku uliwonse ankadandaula kuti ndimachita mkonono ngati injini ya amuna anga. Sanatchulepo za miyezi imeneyo chichokereni, ngakhale lero.

Bana Mulenga amasula mfundo ya chitenje, atulutsa ndalama zopindapinda. "Renti ni zingati, kabolala iwe? Kamba, nilipile."

Apa ndiye pamene ndikanatchula mtengo. Mtengo wa Ogasiti, wokwera, umene Chanda ananena. Ndalama anali nazo, ana asanu ndi atatu akubwera mawa. Kabuku kabuluu kanali m'thumba la epuloni yanga, ndimakamva pa ntchafu.

Pakamwa panga pati, "Sunga, ukagulire nyani wa ndiwo. Ndalama ya mayi wamasiye ine ndiitani?"

Pamaso pa mphakati wonse! Amayi aombera m'manja. Amake Tisa ayambitsa nyimbo. Akatekisiti akuti adzanditchula mawa pa zolengeza. Mawu onenedwa pamaso pa anthu amenewa sabwezedwa, ngakhale utapita kwa loya.

Madzulo. Ndati mwina chipinda chachiwiri ndipulumutse. Muli kabati ndi tebulo, zimene asunthiramo kuti bedi likwane m'choyamba, ndi azakhali a miyendo yotupa. Akuti atsala kuti asungulutse mayi wamasiye, adzapita mvula yoyamba ikagwa. Mvula yoyamba ndi Novembala. Novembala ndi mwezi wa ongofunsa mtengo.

Uthenga wa Chanda: "No hard feelings ba mami. Muli na good eye ya market, serious. February tizayesa."

Febuluwale! Mwana ameneyu sadziwa chilichonse.

Lamulungu

Misa yoyamba. Akatekisiti anditchuladi. Anthu atembenuka kundiyang'ana, ena akugwedeza mitu moyamikira. Ndaweramitsa nkhope. Akuganiza kuti ndi kudzichepetsa.

Masana matakisi ayamba kuima kwa oyandikana nawo. Masutikesi, ndowa, mbaula, matiresi opinda. Ndawerenga atsikana asanu ndi atatu. Awiri ndi anga aja a Lachitatu. Mayi wa ku Kitwe wandiona pa mpanda, wandibayibitsa, koma waima patali ndithu.

Zonse zimene ndinanena za msika zachitika ndendende. Sabata yake ndi ino, mtengo wakwera, nyumba za njanji ndi golide. Sindinalakwitse ngakhale chimodzi. Ndilembe zimenezi, chifukwa palibe wina adzazilembe.

Madandaulo a anthu anga a m'zipinda kufikira tsopano:

- zenera ndi lopendekeka, mphepo ikulowa
- babu ndi lowala kwambiri
- chimbudzi chili kutali
- tiyi wanga ndi wamadzimadzi, a kum'mawa sitidziwa kuthira masamba
- azakhali akufuna msomali wachiwiri

Ndawapatsa msomali. Ndawabwereka ndi hamala yomwe.

Bana Mulenga akuti agona bwino, koyamba chichokere Lolemba. Anena akuyang'ana kumbali, kenako awonjezera kuti mkonono wanga umamveka mpaka kuseri, khoma ndinamanga lopyapyala. Tadya limodzi pakhonde, atatu. Amaliza mbale yonse.

Madzulo. Mwezi watha. Magetsi atsala pang'ono, ufa wapita ndi maliro, pakhomo pali pakamwa patatu m'malo mwa pamodzi. Foni ndaitenga, ndaiika, ndaitenganso. Ndapita kukaimbira kuseri kwa mpeyala kuti a m'zipinda asamve.

Fabiano wayankha msanga. "Amama! Mwezi wasila kale?"

Sananene mwachipongwe, amaseka. Koma zandilasa. Ndamuuza kuti ayi, ndangofuna kumva mawu ake, kodi mayi sangaimbire mwana wake popanda chifukwa? Ndamuuza za Bashi Mulenga. Wati ndi iwo amene anamukweza mu injini ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, n'kumulola kukoka chingwe choliza huta. Ine sindinkadziwa. Ndamuuza za ufa ndi mayi wa ku Kitwe, waseka mpaka kuitana mkazi wake kuti ndibwerezenso. Mpongozi wanga ali ndi chiseko chabwino, sindinkachidziwanso chimenecho. Afunsa kuti Bana Mulenga ali kuti tsopano. Ndawauza. "Mwachita bwino, amama," watero Fabiano.

Tacheza mpaka foni yatentha kukhutu. Zaka zingapo sitinachezepo chonchi.

Kenako ndapempha basi.